Sabata ya fumbi pa benchi ya mafoni

Mwezi wa Okutobala ife okonza mafoni mu Lilongwe timaudziwira pa matenda obwera pa benchi. Lolemba m'mawa, ndisanamalize n'kusesa komwe pakhomo pa kashopu kanga kufupi ndi msewu wa Malangalanga, anthu atatu anali atafika kale ndi dandaulo limodzi: foni sikulowa moto. Woyamba anali mnyamata wa kabaza wa ku Kawale, yemwe anali atagula kale matchaja awiri ku depoti poganiza kuti vuto ndi chingwe. Ndinaunika kabowo kotchajira ndi tochi, n'kutokosamo pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano. Munatuluka kambulu ka fumbi ndi ulusi wa m'thumba, kouma gwa ngati dothi la pachulu. Titalumikiza tchaja, foni inayamba kulowa moto pomwepo. Sindinamulipiritse. Ndinangomuchenjeza kuti asamatokose ndi singano, chifukwa chitsulo chimapinda timano ta mkatimo.

Lachiwiri kunabwera mayi wina wogulitsa kaunjika ku msika wa Tsoka. "Achimwene, ndisankhireni foni ya makamera atatu," anatero. Anthu ambiri amayamba ndi makamera, koma chimene chimadzawaliritsa pakatha miyezi ingapo ndi malo osungira zinthu mufoni. Ndinawafunsa magulupu a WhatsApp amene alimo: la kumpingo, la banki m'khonde, la kusukulu kwa ana, la kumudzi, la oodetsa mabelo. Foni ya malo a 32GB yokhala ndi RAM (imene imathandiza foni kuyendetsa zinthu zingapo nthawi imodzi) ya 2GB singapirire mavidiyo a magulupu onsewo. Ndinawalangiza kuti, kaya ndi Tecno, itel kapena Samsung, ayang'ane ya 64GB ndi RAM ya 4GB ngati thumba lilola, komanso batire la 5000mAh, poti magetsi athu mukuwadziwa. Asanapereke ndalama ndinawaonetsa kudina *#06#. Pamatuluka IMEI, nambala yozindikiritsa foniyo ya manambala 15, ndipo iyenera kufanana ndi yolembedwa pa katoni.

Koma sabata yonseyi mtima wanga unali pa bambo wina amene anafika Lachitatu masana kuchokera ku Mitundu. Anali wachikulire, atavala jekete ngakhale kunkatentha chonchija, foni ataikulunga m'kampango. Inali ya malemu akazi awo, omwe anatisiya mu Julayi. Itayamba kuuma, mnyamata wina wa pa tiledingi anawauza kuti mankhwala ake n'kuifulasha, n'kufufuta zonse. Poiyatsa, foni inakana kupitirira: inkafuna akaunti ya Google imene inalimo kale.

Ichi si chilema ayi. Kuyambira pa Android 5.1, mu 2015, foni ikafufutidwa mwa njira imeneyi imafunsa akaunti yakale, n'cholinga choti wakuba asaigwiritse ntchito. Vuto lili pa mmene timagulira mafoni kuno. Wogulitsa amatsegula akaunti mothamanga, pasiwedi n'kuipeka pomwepo, kasitomala n'kunyamuka akusangalala kuti WhatsApp ikugwira. Palibe amene walemba kanthu. Zimandipweteka chifukwa nanenso ndinkachita zomwezo ndikuyamba kumene ntchitoyi, ndipo sindidziwa kuti ndi angati amene anadzavutika chifukwa cha changu changa.

"Mwananga, foniyo sindikuifuna kwenikweni," anatero bamboyo motsitsa mawu. "Muli zithunzi za amayi ako, ndi mawu amene ankatumizirana ndi ana."

Anandionetsa lisiti ndi chiphaso chawo cha unzika ndisanawafunse n'komwe. Ndinawauza zoona zake, kuti zimene zinali mufonimo zinapita, chatsala ndi zokhazo zimene zinasungika ku akaunti. Pa kompyuta yanga tinayesa kufufuza akauntiyo, koma Google inkafuna kutumiza nambala yotsimikizira ku foni imene inalembetsedwa potsegula. Titayesa nambala ya malemu, zinaoneka kuti ndi yomweyo. Mwayi wake unali umenewo, kuti amene anawagulitsa foniyo sanaikepo nambala yake. Simukhadiyo inali kunyumba, m'chikwama cha mayi chimene sanachitsegule chichitikire maliro.

Lachinayi magetsi anazima kuyambira m'mawa, kawaya kowotcherera kanangokhala kozizira. Ndinakonzera mtsikana wina wa ku Chinsapo zoikamo za APN, zimene zimalumikiza foni ku intaneti ya kampani ya simukhadi, poti bandulo anali nayo koma intaneti osayenda. Kenako kunabwera mnyamata ndi foni yodula, yokiyidwa, yopanda katoni, yopanda lisiti, eti ya mlongo wake. Nditati abwere nawo mlongo wakeyo, anaitenga n'kutuluka osatsanzika. Zoterezi sindigwira, ngakhale ndalama yake ikhale yonona.

Lachisanu bambo aja anatulukira ndi minibasi yoyamba. Anamasula mfundo ya kampango, simukhadi ili pakati. Ndinaiika mufoni yanga ya mabatani ndili ndi mantha, chifukwa nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatsekedwa, mwinanso kupatsidwa munthu wina. Netiweki inabwera. Patapita kamphindi uthenga wa manambala 6 unalowa. Tinasintha pasiwedi, koma ndinawapempha kuti tidikire mpaka mawa lake, popeza foni yofufutidwa nthawi zina imakana pasiwedi yatsopano mpaka patadutsa maola 24. Anakagona kwa mwana wawo ku Area 23.

Loweruka foni inatseguka. Manambala a anthu anabwerera onse. Mu Google Photos tinapezamo zithunzi zochepa chabe: china mayi ali mu yunifolomu ya chigwirizano cha amayi, china ali m'munda wa mtedza, mdzukulu ali kumbuyo. Mauthenga a mawu a pa WhatsApp sanapezeke, poti panalibe amene anayatsa zoti azisungidwa ku Google Drive. Ndinawauza kuti afunse ana awo, chifukwa mawu amene mayi ankatumiza angakhale akadali m'mafoni mwa amene ankawalandira. Pomwepo anaimbira mwana wawo wamkazi wa ku Johannesburg, ndipo tisanamalize n'kuika galasi loteteza sikirini, uthenga woyamba unali utafika. Sanaumvere m'shopu. Anati akaumvera kunyumba.

Ndinatenga cholembera kuti ndiwalembere dzina la akaunti ndi pasiwedi pa kapepala. Iwo anakana kapepalako, nati kangasowe. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa buku lawo la nyimbo lakuthaitha, natsegula tsamba lomaliza, pamene panali kale masiku obadwa a ana awo. Ndinalemba pansi pake ndi zilembo zikuluzikulu, iwo akuwerenga chimodzichimodzi mokweza, kenako ananyamuka kuti akapeze minibasi ya ku Mitundu dzuwa lisanapendeke.