Ulendo wathu wa ku Mua ndi mlandu wa mapepala a aphunzitsi

Inu munatsala, lekani kumva za m'maluwa. Lipoti la mlembi wanu ndi lino, ndipo amene akutsutsa adzatsutsire pa msonkhano, osati pa WhatsApp usiku.

Pangano la gulu lathu la ojambula linali lonyamuka pa minibasi pa Kamuzu Road ku Salima 6 koloko m'mawa. Tinanyamuka 8 koloko itapitirira, chifukwa atcheya anati mtsogoleri wa akatswiri ojambula sangaonekere ku Mua ndevu zili nyankhalala. Tinatsata msewu wa M5 bwinobwino, Chipoka n'kudutsa tikuimba. Titayandikira Ngodzi, tayala lakumbuyo linangoti phuu! Lapadera linalipo, koma lopanda mpweya. Achimwene athu a kabaza anabwereka njinga pamudzi wapafupi, n'kumangirira tayalalo kumbuyo kukasaka opopa, ife n'kukhala pansi pa mlambe.

Apa m'pamene aphunzitsi, posafuna kutaya nthawi, anamasula envulopu yawo ija akhala akutiopseza nayo chiyambire Januwale. Munali mafotokope a zojambula za akatswiri akale a ku Ulaya: Michelangelo, Leonardo da Vinci ndi Rembrandt. Pepala loyamba litafika m'manja mwa amayi athu osunga chuma, anangoliyang'ana kamodzi n'kulivundikira ndi chitenje.

"Aphunzitsi, ndi imvi zonsezi, ndalama za gulu mwakachitira fotokope anthu amaliseche?"

Ana a m'mudzimo anali atatizungulira kale, makosi ali tolotolo. Aphunzitsi anadzikonza tayi n'kuyankha kuti munthu sungajambule malaya okhala bwino usakudziwa phewa lili m'katimo, ndipo n'chifukwa chake anthu amene timajambula pa makoma a masaluni amaoneka ngati matumba a chimanga ovekedwa suti. Anawonjezera kuti Michelangelo anajambula matupi otere padenga la Sistine Chapel ku Vatican kuyambira 1508 mpaka 1512, m'tchalitchi momwe makadinala amasankhiramo Papa. Amayi anati kwawo ndi ku CCAP, za Papa asawauze. Atcheya anayesa kulowererapo, koma onse awiri anawauza kuti adikire. Ndiye aphunzitsi, kukhulupirika kwawo kuja, anadzipereka okha m'manja mwa adani: anaulula kuti cha m'ma 1565 akuluakulu a mpingo analemba ntchito wojambula wina, Daniele da Volterra, kuti aphimbe ndi nsalu zopenta ena mwa matupi a pa chithunzi cha Michelangelo cha Chiweruzo Chomaliza m'tchalitchi momwemo. Amayi anaimirira n'kululutira. Anang'amba nyuzipepala imene munali mandasi, napempha selotepi, n'kuveka aliyense wa anthu a Michelangelo kachitenje kake. Mapepalawo mukawaona ali ndi madontho a mafuta m'chiuno, musafunse.

Ku Mua tinafika dzuwa lili paliwombo. Mishoniyi inayambitsidwa ndi ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo malo a zaluso a Kungoni anawatsegula Bambo Claude Boucher a ku Canada mu 1976, omwe anthu amawatchula kuti Achisale. Tinazungulira mu Chamare Museum, momwe muli za Achewa, Angoni ndi Ayao. Za m'chipinda cha gule sindilemba pano, eni dambwe akudziwa chifukwa chake. Ine chinandigwira mtima ndi anthu osema aja. Munthu akugogoda mtengo, maso ali pa ife, nkhani ili m'kamwa, koma chala cha chosemacho chikutuluka ndi mfundo zake zonse.

Phunziro lenileni linali lotere, kwa amene mudzafunsidwe. Thupi la munthu wamkulu limatalika mitu yake 7 ndi theka, ena amayeza 8. Maso ali pakati penipeni pa mutu, osati pamwamba pomwe timawaika ife. Dzanja, kuphatikizapo zala, limatsala pang'ono kuphimba nkhope yonse. Munthu akatambasula mikono, kutalika kwake kumafanana ndi msinkhu wake, monga anasonyezera Leonardo cha m'ma 1490 pa chithunzi cha munthu woima m'kati mwa bwalo. Potengera katswiri, uwongole mkono, utsinzine diso limodzi, uyeze ndi pensulo, uyambe mizere ikuluikulu, nsidze pambuyo. Ukamaliza uike chako pambali pa chake, uzitembenuze zonse chadodolido, zolakwika zimaonekera zokha. Kutengera si kuba bola usasainepo dzina lako n'kukagulitsa kwa azungu ku Senga Bay. Ngakhale katswiri wotchuka Vincent van Gogh anayamba mu 1880 pokopera mobwerezabwereza mapepala ophunzitsira a Charles Bargue.

Atcheya ataona zosema zina zili ndi mitu ikuluikulu anasangalala zedi, akuti ndiye kuti zikwangwani zawo zakhala zolondola zaka zonsezi. Aphunzitsi anati osemawo amakulitsa mutu mwadala, muyeso akuudziwa, pomwe atcheya amayamba ndi mutu kenako khoma limawathera.

Kenako achimwene a kabaza anavomera kutiimira kuti tiwajambule, atavala kabudula ndi vesiti mwa lamulo la amayi. Akatumba a m'miyendo yawo, abale, Michelangelo akanalipira. Vuto n'lakuti foni yawo inkalira mphindi iliyonse, makasitomala a ku Salima akufuna kunyamulidwa, ndiye pa mapepala athu ambiri ali ndi mikono itatu. Mlamu wathu Manja M'thumba sanasinthe: munthu anaima manja ali m'chiuno poyera, iwo n'kumusokera matumba pa kabudula wopanda matumba.

Tsopano nkhani ya chakudya, imene ena akufuna ikwiriridwe. Tinanyamula mpunga wa ku Lifuwu ndi chambo chokazinga 14, aliyense chake. Potsegula poto tinapeza mitu 14, matupi 9. Aphunzitsi anati malinga ndi phunziro la tsikulo, mitu imeneyi ikukwana anthu awiri osakwanira bwino. Palibe anaseka kupatula ankolo athu amene anatsalira m'minibasi pa Ngodzi paja, akuti akulondera katundu. Iwo akuti unali mphaka. Mphaka wotsegula chivundikiro, kusankha minofu, n'kutsekanso poto, gulu likufuna kudzamuona.

Zikomo kwa amayi osunga chuma potitulutsira ndalama ya tayala osatukwana kwambiri, kwa alongo athu awiri amene anadzuka usiku kukazinga nsomba, kwa adalaivala poleza mtima ndi nyimbo za atcheya, ndiponso kwa mwini njinga wa pa Ngodzi. Aphunzitsi, envulopu ija musaitaye.

Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi manja 10 otengera pa mapepala aja, zala zonse zioneke. Amene simunamalize ya thiransipoti muonane ndi amayi msonkhano usanayambe. Ankolo, inu mubwere ndi chambo 5.