Anthu anayi anandilangiza za Sapitwa, aliyense ndi phiri lake

Akulu anati safunsa anadya phula, ndiye ndisanakwere phiri la Mulanje mu Julaye 2025 ndinafunsa ndithu. Vuto linali lakuti aliyense amene ndinamufunsa ankanena zosiyana ndi mnzake, ndipo onse ankalankhula motsimikiza, ngati anthu amene atsikako dzulo.

Ndinakulira ku Ndirande, koma mayi anga kwawo kunali ku Phalombe. Tikapita kumudzi patchuthi, phirili linkakhala pamaso pathu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, koma zoti munthu wamba ngati ine angakaime pa Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, pamtunda wa mamita 3,002, sizinkabwera n'komwe m'mutu. Tinkangoti zimenezo n'za azungu. Mayi atatisiya m'pamene mtima unayamba kundikoka. Ndinkafuna ndikaone kwawo kwa mayi ndili pamwamba pa phiri limene iwo analiyang'ana ubwana wawo wonse osalikwera. Mlamu wanga atamva anati tipitira limodzi.

Woyamba kumufunsa anali mnzanga wa kuntchito, amene kwa zaka zambiri wakhala akutisimbira kuti Mulanje amamudziwa. Yankho lake linali lopepuka. "Aaa, achimwene, palibe nkhani pamenepo. Masiku awiri mwabwerako. Mutenge buledi, Sobo ndi bulangete limodzi, basi." Ndinasangalala, chifukwa ndi zimene ndinkafuna kumva. Patapita masiku angapo ndinamufunsanso kuti anapita liti. Anati ali Fomu 3, ndi kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu pawo, mwezi wa Okutobala. Nanga pa chipilala cha pa Sapitwa anafika? Anakhala kaye chete, kenako n'kunena kuti anagona pa kanyumba ka m'phiri ka Lichenya n'kutsika mawa lake. Sanali kundinamiza ayi. Ankandiuza za phiri la mnyamata wa zaka 17, nyengo yotentha, zaka zoposa 20 zapitazo, ndipo m'maganizo mwake phirilo linali lidakali lomwelo.

Wachiwiri anali mayi wina wa ku Scotland amene timapemphera naye, yemwe amakwera kawirikawiri ndi anzake a kalabu ya okwera mapiri ya Mountain Club of Malawi. Iyeyu anandilembera zonse papepala, mbali zonse ziwiri: mayina a tinyumba togona ta m'phiri, Chambe, Chisepo, Thuchila, Lichenya, Chinzama, Sombani ndi tina, maola oyenda kuchoka pa kena kufika pa kanzake, ndi katundu woti nditenge. Pepala limenelo ndikulisungabe, chifukwa mayina ndi njira zonse zinali zoona. Koma katunduyo, abale! Nsapato zokwerera mapiri, thumba logonamo lopirira chisanu, jekete yosalowa madzi, ndodo ziwiri zachitsulo. Nditawerengera mtengo wake ndinatsala pang'ono kuusiya ulendowo. Zimene zinandipulumutsa ndi kaunjika wa mumsika wa Limbe, kumene ndinapeza nsapato zolimba ndi majuzi awiri, ndipo thumba logonamo anandibwereka mayi yemweyo. Za maola ake ndinadzazindikira ndili kale m'njira kuti anali maola a miyendo yozolowera.

Kenako ndinaimbira foni mayi aang'ono ku Phalombe. Ndinkangofuna kutsanzika, koma iwo sanaitenge mopepuka.

"Mwanawe, ukukafuna chiyani kumeneko? Dzina lokhalo silikukuuza? Kumeneko sapitako."

Ataona kuti sindisintha maganizo, anayamba kundipatsa malamulo. Usakakuwe m'phiri. Usakanyoze chilichonse chimene ukaone. Ukakapeza chakudya chili chokonzakonza panjira, nthochi kapena nsima, udye wekha mwakachetechete, usaitane mnzako ndipo usatengeko. Pomaliza anati, "Ufa utenge woposa masiku amene wawerenga. Phiri lija silimva za masiku a munthu." Ena angaseke zimenezi, ine sindinaseke. Mayi amenewa anaona napolo wa 1991 akutsika ndi miyala kukafafaniza midzi ku Phalombe, ndipo mu Malichi 2023 anaonanso namondwe wa Freddy akuchita zomwezo. Munthu amene waika maliro a anansi ake kawiri chifukwa cha madzi ochokera m'mapiri akamaopa phiri, mantha akewo ali ndi pochokera. Iwo phirilo sanalikwerepo, komabe amalidziwa m'njira imene pepala lija silikanandiuza.

Tinanyamuka pa Limbe m'mamawa pa minibasi yodzera msewu wa Midima, n'kutsika pa Chitakale pakati pa minda ya tiyi. Apo tinakwera njinga zamoto mpaka pa Likhubula, pamene pali ofesi ya zankhalango ndi pamene operekeza alendo ndi anyamata onyamula katundu amadikirira, aliyense podikira nthawi yake.

Amene anatigwera ife anali bambo wamfupi, wosalankhulalankhula, wa msinkhu wanga womwewu. Ameneyu ndiye mlangizi wachinayi, ndipo anasiyana ndi ena onse pa chinthu chimodzi: asanatiuze kalikonse, anayamba ndi kutifunsa. Muli ndi zaka zingati? Mumagwira ntchito yokhala pansi kapena yoyenda? Maondo ali bwanji? Pali wodwala mphumu kapena BP? Kuntchito akukuyembekezerani liti? Atamva zonse anati titsekule zikwama. Anatulutsa mabuluku awiri a jinzi a mlamu wanga, n'kunena kuti jinzi ikanyowa siuma ndipo imalemera ngati mwala. Anatulutsa mabotolo agalasi. Madzi a malita asanu amene tinagula pa Chitakale anati tisiye, botolo limodzi aliyense likwana, madzi tikawapeza m'makwawa. Atafika pa thumba la ufa analinyamula m'manja, n'kuliyeza kulemera kwake.

"Uwu wachuluka, koma usatsale. Anakuuzani ndani?"

Ndinati mayi aang'ono a ku Phalombe. Anangogwedeza mutu n'kulibwezera m'chikwama.

Kupita pa Chambe pali njira ziwiri zodziwika. Ya Skyline ndi yachidule koma yoimirira, ndipo dzina lake linachokera ku chingwe chimene kale ankatsitsira matabwa kuchoka pamwamba. Ya Chapaluka ndi yotalikirapo, imatsata mtsinje wa Likhubula n'kudutsa pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba. Pepala lija linkati Skyline. Wotiperekezayo anayang'ana mlamu wanga, amene ndi wathupi ndithu, n'kuti Chapaluka. Maola amene ndinalemberedwa anali atatu kapena anayi. Ife tinayenda asanu ndi limodzi, ndipo ola lomaliza akatumba ankanjenjemera okha. Mnyamata amene anasenza katundu wathu anali atavala nsapato zapulasitiki, ndipo tinkamupeza atakhala pamwala akutidikira. Anatiuza kuti amathamanga nawo mpikisano wa Porters' Race, umene opambana amakwera phirili, kudutsa pamwamba n'kutsika m'maola osakwana atatu.

Chimene palibe anandikonzekeretsa ndi zitsa. Mkungudza wa Mulanje ndi mtengo wa fuko lathu, sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi koma m'phiri limeneli, ndipo ndinkayembekezera kuyenda pansi pa mithunzi yake. M'malo mwake wotiperekeza ankatilozera zitsa zakuda ndi moto, zina zazikulu moti anthu awiri sangazikumbatire. Anatola kachidutswa pansi, n'kukapala ndi mpeni, n'kundipatsa kuti ndinunkhize. Fungo lake linali lija la mabokosi osema amene amagulitsa m'mphepete mwa msewu, lokoma, lolowa mpaka kukhosi, ngakhale mtengowo unadulidwa kalekale. Anationetsanso timitengo tating'ono tobzalidwa kumene, tofika m'chiuno, tozunguliridwa ndi njira zotchinga moto. Mwezi womwewo bungwe la UNESCO linali litangoika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Ndinamufunsa ngati zimenezo zithandize. Anati adzakhulupirira akadzaona timitengo timeneto tikumupitirira msinkhu. Mtima unandiwawa, ndipo ukundiwawabe. Tinaudula mtengo umene agogo athu anaupeza, ndipo tonse amene tinagulapo kabokosi kapena thabwa lonunkhira osafunsa kumene lachokera tili ndi gawo pa zitsa zimenezo.

Pa Chambe tinapeza mlonda atakoleza kale moto. Usiku umenewo ndinamukumbukira mnzanga wa bulangete limodzi uja. Ndinagona m'thumba logonamo, nditavala majuzi onse awiri ndi chipewa, pafupi ndi moto, koma kuzizira kunkalowabe m'mafupa. M'mawa udzu wapanja unali woyera ndi chisanu, ukuphwanyika pansi pa nsapato.

Tsiku lachiwiri tinayenda kupita pa Chisepo, kanyumba kamene kali patsinde pa Sapitwa. Njira yake imadutsa pa kamtunda kopapatiza, kutsetsereka uku ndi uku, ndipo kuchokera pamenepo zipsera za Freddy zimaoneka bwino, mizere yoyera yotsika m'mapiri pamene nthaka inakokoloka n'kusiya thanthwe lokhalokha. Tinafika masana, kumwamba kuli mbee, nsonga zonse zikuoneka. Tinagwirizana zodzuka 4 koloko.

Tinadzukadi, koma potsekula chitseko tochi sinkaunika ngakhale mapazi khumi. Chiperoni chinali chitafika usiku, nkhungu yokhuthala ndi mvula yamawawa imene imabwera ndi mphepo yochokera ku Mozambique, kumene kuli phiri la Chiperone limene linapatsa nyengoyi dzina. Wotiperekeza anatuluka, n'kuponda pathanthwe la pafupi ndi khomo, n'kutsetsereketsa phazi kuti tione.

"Lero sitikwera, bambo."

Mlamu wanga sanamve. Anati Lolemba akufunika kuntchito, tawononga ndalama, ndipo mwina dzuwa likatuluka nkhungu ibalalika. Nanenso mumtima ndinali mbali yake. Bamboyo sanakweze mawu. Anatiuza za mtsikana wa ku Netherlands amene anakwera yekha mu 2003 ndipo mpaka lero sanapezeke, ndi za mnyamata wa ku Brazil amene mu 2009 anapitirira wopanda womuperekeza, nyengo n'kusintha, n'kudzapezeka atamwalira patapita masiku ambiri. Anati pa nthawi yofunafuna mnyamatayo anthu a m'midzi yonse ya m'munsi anakwera. Kenako anati, "Ndalama zanu ndikhoza kukubwezerani. Koma pathanthwe lonyowa sindikutengerani."

Tinakhala tsiku lonse m'kanyumbako. Ndiwo zinali zitatsala pang'ono, buledi atatha, koma ufa wa mayi aang'ono unalipo. Tinaphika nsima kawiri, ya usipa wouma ndi tomato mmodzi, tonse asanu pamodzi ndi mlonda, titazungulira moto utsi ukutilowa m'maso. Madzulo ndinamufunsa wotiperekeza uja za malamulo a mayi aang'ono, ngati iye amawakhulupirira. Anati chakudya cha mizimu iye sanachipezepo, ngakhale agogo ake ankati anachidyapo. Koma zokuwa amaletsa ndithu. Munthu wokuwakuwa m'phiri samva mnzake akaterereka kumbuyo, samva madzi akamabwera m'khwawa, saona kuti mphepo yatembenuka. "Akuluakulu aja ankadziwa chimene ankanena," anatero, "kaya mizimuyo mukuivomereza kaya ayi."

Usiku mphepo inaleka. Pamene tinkatuluka, nyenyezi zinali mbuu kumwamba konse.

Kukwera Sapitwa si kuyenda, n'kukwawa. Zikwama tinasiya pa Chisepo, tinangotenga madzi, mtedza ndi majekete. Poyamba pali matanthwe otsetsereka amene umakwera ndi manja ndi mapazi, ukutsata timadontho ta penti yofiira pamiyala, ndipo ndili pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake dzulo lake anatikaniza. Pamwamba pake pali miyala ikuluikulu yosanjikizana ngati nyumba zogumuka. Pena umadutsa pansi pake chokwawa ndi mimba, pena umapanikizika pampata woti chifuwa ndi msana zonse zikukhudza mwala. Pakati pa miyalayo pali timitengo topindikapindika, tolendewera ndere zotuwa ngati ndevu za nkhalamba. Kangapo konse ndinaona nsonga n'kuganiza kuti tafika, kuseri kwake n'kutulukira ina. Mlamu wanga anang'amba buluku pabondo ndipo magazi ankatuluka pang'ono, koma sanadandaule. Bambo uja ankamuuza poponda, phazi lililonse, "apa, kenako apa, musayang'ane pansi."

Tinafika pa chipilala dzuwa litakwera ndithu, patatha maola pafupifupi asanu. Kunkawomba mphepo yozizira moti zala zinkakanika kugwira foni. Mitambo inali pansi pathu mbali ya ku Mozambique, koma kumpoto kunali koyera, nyanja ya Chilwa ikunyezimira patali. Ndinamupempha wotiperekeza kuti andilozere ku Phalombe. Anandigwira phewa n'kunditembenuza pang'ono, n'kuloza kuseri kwa nsonga zina, kumene chigwa chinkaoneka chotuwa ndi utsi wa m'midzi. Mudzi weniweniwo sindikanauona, koma ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndithu, ndipo anzangawo anandisiya osandilankhula.

Kutsika kunatitengera masiku awiri, ndipo maondo anavutika kuposa pokwera. Mlamu wanga anajomba Lolemba ndi Lachiwiri lomwe. Pa Dziwe la Nkhalamba tinavula nsapato n'kuviika mapazi m'madzi ozizira ngati a m'firiji, ndipo netiweki itabwerera ndinaimbira mayi aang'ono. Sanafunse ngati ndinafika pamwamba. Anafunsa ngati tonse tatsika, kenako anafunsa ngati ufa unakwana. Ndinati unatsala wodzaza kapu imodzi, ndipo tinausiyira mlonda wa pa Chisepo.