Kuyeza conductivity ya LLZO kuno ku Lusaka: bukani makina kaye musanawotche

Anzanga amene mukuyamba pulojekiti ya ma solid electrolyte a mabatire a lithium (zinthu zolimba zodutsitsa ma ion a lithium mkati mwa batire), musanayatse ng'anjo pitani mukabuke kaye makina a impedance, oyezera mmene ma ion akudutsira mu sampo, mupatsidwe tsiku lenileni lolembedwa. Ine zanga zatheka manje koma mtima ukadali kuwawa.

Ndimapanga LLZO, Li7La3Zr2O12, solid electrolyte ya mtundu wa garnet (dzina la kapangidwe ka kristalo yake) imene asayansi Murugan, Thangadurai ndi Weppner anailengeza mu 2007. Kristalo yake imatuluka m'maonekedwe awiri, tetragonal kapena cubic. Ikatuluka ya tetragonal ma ion a lithium amakhala phee m'malo mwawo, conductivity, muyeso wa mmene ma ion akudutsira mosavuta, imangokhala cha m'ma 10^-6 S/cm, yochepa kwambiri. Timafuna ya cubic, yomwe imafika 10^-4 kupita m'mwamba, ndiye timathiramo aluminium pang'ono. Al3+ imodzi imachotsa ma Li+ atatu, iyo nkukhala pa malo amodzi, awiri nkutsala opanda kanthu, lithium yotsalayo nkupeza podutsa. Ena amathira tantalum kapena gallium nkufika cha m'ma 10^-3, koma ndalama yake si ya mwana wa sukulu.

Zopima ndi zopera ufa mukuzidziwa kale. La2O3 yokha iwotcheni kaye pa 900 °C chifukwa imamwa chinyezi, mukapima ili choncho sikelo ikuwerengerani ndi madzi omwe. Lithium onjezani 10% chifukwa moto ukapitirira 1100 °C imathawa, ndipo pellet, kachimbale ka ufa wopanikizidwa, ikwirireni mu ufa wake womwewo. Kupanda apo XRD, kuyeza kwa X-ray koonetsa makristalo ali mu sampo, idzakuonetsani La2Zr2O7, chinthu chosayendetsa lithium.

Tsopano za ofesi imene inandiwawitsa mtima. Makina a impedance kwathu kulibe, ali ku labu ina, ndipo kuti sampo ifike pa makinawo umadzera pa ofesi ya mafomu. Anandiuza kuti masampo ndisiye limodzi ndi fomu, ndilo lamulo. Ndinawachonderera, ndati amayi chonde, zinthu izi sizifuna mpweya, ndiloleni ndizisunge ndekha mu desiccator (chotengera chotsekeka chosalowa chinyezi) ndibwere nazo tsiku loyeza, iwo akuti lamulo ndi lamulo. Kenako kalipireni ku banki, bwerani ndi risiti, risiti ikadindidwe ku akaunti, a ku akaunti apita ku lanchi, osayina ali ku wekishopu bwerani mawa, mawa lake akuti fomu ndi yakale tengani yatsopano, ine ndikungokwera minibasi uku ndi uku dzuwa lili pamutu, ma pellet anga ali mu envulopu m'dirowa.

LLZO ikakhala pa mpweya wa chinyezi ma H+ a m'madzi amasinthana ndi Li+, pamwamba nkupangika LiOH, iyo nkugwirana ndi CO2 nkukhala Li2CO3. Kachikhungu kameneko kali ngati dzimbiri pa malata, kamayamba mosaoneka koma kamatsekereza lithium. Atayeza, Nyquist plot, girafu ya zotsatira za impedance, inatuluka ndi semicircle yaikulu zedi, resistance yokwera, manambala osagwira ntchito. Nditapempha kuti ayezenso akuti lipiraninso sampo iliyonse. Apa ndi pamene panandipweteka kwambiri, kulipira kawiri chifukwa cha dirowa yawo. Ba supavaiza anachita kupitako okha, mpamene anavomera kuti ndizibwera ndi masampo m'manja pa tsiku loyeza.

Ndakumbukanso za malaiti. Aliyense wa mu Lusaka akudziwa mmene zinalili mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Sintering, kuwotcha pellet mu ng'anjo kuti igwirane, imatenga maola ambiri, malaiti akapita pakati pellet imatuluka yosagwirana, yodzaza timabowo, ndipo grain boundary resistance, kuvutika kwa ma ion kudutsa m'malire a timibulu ta pellet, imakwera. Funsani ngati ng'anjo ili pa jenereta musanaikemo kanthu. Komanso crucible ya alumina imathira yokha aluminium mu sampo pa moto waukulu, ndiye ngati mukuyerekeza madoping osiyanasiyana samalani, mungapeze Al yochuluka kuposa imene munapima. Density ya pellet mukamayeza m'njira ya Archimedes, yomiza sampo mu zamadzimadzi, musagwiritse madzi, tengani isopropanol.

Ma pellet aja ndinawapala ndi sandipepa youma mpaka kachikhungu katachoka, mbali zonse ziwiri nkupaka siliva kuti akhale ma electrode, golide wa sputter akanakhala bwino koma kunalibe, nkutsekera mu botolo, m'mawa mwake pa makina. Semicircle inachepa zooneka. Masamu ake ndi σ = L/(R×A), L kunenepa kwa pellet, A kukula kwa nkhope yake, R ndi resistance, muitenge pa fitting ya Nyquist plot. Zanga zinagwera cha m'ma 10^-4 S/cm, zoyenera cubic ya Al. Yezaninso pa matenthedwe angapo tsiku lomwelo kuti mupeze activation energy (mphamvu imene ion imafuna kuti idumphe malo), ya LLZO yabwino imakhala cha pa 0.3 eV, musadzabwererenso ku fomu ina.

Zambia ndi DRC anasayinirana mu 2022 zopanga mabatire a galimoto zamagetsi, ndipo ine ndimafunitsitsa zitheke, kopa tili naye, anyamata ndi atsikana odziwa ntchito tilipo. Koma ofesi yolandira masampo izidziwa kuti si sampo iliyonse ingagone m'dirowa. Inu bukani makina kaye, tsiku likhale pa pepala, kenako muwerenge chobwerera kuti pellet ituluke mu ng'anjo kutatsala tsiku limodzi, ndipo musaisiye pa ofesi iliyonse ngakhale atakuuzani zotani.