Nsembe imene wolakwiridwa anapereka yekha

Mwezi uno, pa maphunziro a Baibulo amene akulu a mpingo ndi atsogoleri a milaga timachita Loweruka masana ku Chilomoni, takhala tikuphunzira za chiyanjanitso, ndiko kuti mmene munthu wochimwa amabwererera kwa Mulungu kudzera mu nsembe yotetezera machimo. Abusa sanatiyambitsire ku Gologota. Anatibweza ku Levitiko, buku limene Akhristu ambiri timalidumpha chifukwa chodzaza ndi malamulo a mafuta, impso ndi mwazi wa nyama, ndipo anati munthu amene sanaone zimene zinkachitika pa bwalo la chihema sangamvetse chifukwa chimene Yohane Mbatizi anatchulira Yesu kuti Mwanawankhosa wa Mulungu.

Mutu 16 wa Levitiko ndiwo tinakhalapo nthawi yaitali. Mutuwu umayamba ndi kukumbutsa imfa ya ana awiri a Aroni, Nadabu ndi Abihu, amene anafa chifukwa chofika pamaso pa Yehova ndi moto wosaloledwa, kotero malangizo onse otsatira akuperekedwa kwa bambo amene anataya ana ake pamalo omwewo. Kamodzi kokha pa chaka, pa tsiku la 10 la mwezi wachisanu ndi chiwiri, lotchedwa Tsiku la Chitetezo, mkulu wa ansembe ankasamba thupi lonse, n'kusiya zovala zake zaulemerero ndi kuvala zabafuta, ndipo asanachite chilichonse m'malo mwa anthu ankayamba wapha ng'ombe yamphongo chifukwa cha machimo ake ndi a banja lake. Polowa kuseri kwa nsalu yotchinga ankanyamula makala amoto ochokera pa guwa ndi zofukiza zodzaza manja awiri, kuti utsi uphimbe chotetezerapo, chivundikiro chimene chinali pamwamba pa likasa la chipangano, iye angafe. Kenako ankaviika chala m'mwazi ndi kuwaza kasanu ndi kawiri. Pa nthawi yonseyi munthu wina aliyense sankaloledwa kukhala m'chihemacho. Mtundu wonse unkakhala panja, osagwira ntchito, ukudikira munthu mmodzi kuti atuluke wamoyo.

Za anthu panali atonde awiri, ndipo maere ndiwo ankawasiyanitsa. Woyamba ankaphedwa ndipo mwazi wake unkalowa m'Malo Opatulikitsa. Wachiwiri ankamuimika wamoyo, mkulu wa ansembe n'kusanjika manja ake onse awiri pamutu pake ndi kuulula zolakwa zonse za Aisraele, kenako munthu wosankhidwa ankamutsogolera kuchipululu n'kukamusiya kumalo kopanda anthu. Ife amene tinagwirapo mbuzi miyendo pamene ikuphedwa pa ukwati kapena pa maliro timadziwa kulira kwake, kunjenjemera kwa thupi lake m'manja, ndiponso kufunda kwa mwazi ukamagwera m'beseni. Mwisraele sankaphunzira za kulemera kwa tchimo kuchokera m'buku. Ankakuona ndi maso, ndipo ankaonanso tonde wachiwiri uja akunka nachepa m'maso mpaka kuzimiririka, machimo a chaka chonse ali pamutu pake.

Apa mpamene mkulu wina wa mpingo, bambo wachikulire wochokera ku Nsanje, anakweza dzanja. Anati, "Abusa, zimenezi si zachilendo kwa ife. Kwathu munthu akalakwira mnzake, amfumu akaweruza, wolakwayo amakoka mbuzi kukapepesa, ndipo mlandu umathera pomwepo. Makolo athunso mvula ikavuta ankapita ndi nsembe ku Khulubvi kukapepesa kwa Mbona. Kodi si chimodzimodzi?" Abusa anayamikira funsolo, ndipo anavomereza kuti makolo athu ankadziwa chinthu chimene anthu ambiri a masiku ano anaiwala, chakuti cholakwa sichitha ndi kungokhala chete, ndiponso kuti ubale ukasweka pamafunika kanthu kooneka kuti ubwerere. Koma anapempha bamboyo kuti atsegule Levitiko 17:11 ndipo anafunsa kuti, "Bambo, pa mlandu wa kumudzi, mbuzi imachokera m'khola la yani?" Iwo anayankha kuti m'khola la wolakwa. Ndiye anawauza kuti awerenge mokweza ndimeyo, pamene Yehova akunena kuti moyo wa nyama uli m'mwazi, ndipo kuti iye mwini ndiye wapereka mwaziwo kwa Aisraele pa guwa kuti utetezere miyoyo yawo.

Kwa ine, phunziro lonse la mwezi uno lagona pamenepa. Pa milandu ya anthu, wolakwa ndiye amayenda, ndiye amafunafuna cholipira, ndiye amagwada pakhomo, pamene wolakwiridwa amakhala pampando kudikira kuti aone ngati cholipiracho chakwana. Mu uthenga wa Baibulo wolakwiridwa ndiye ananyamuka. Abrahamu, pokwera phiri ku dziko la Moriya, anauza Isake kuti Mulungu adzadzipezera yekha mwanawankhosa, ndipo nkhosa yamphongo inapezeka itakodwa ndi nyanga zake m'chiyangoyango. Paulo pa Aroma 3:25 akuti Mulungu ndiye anaika Yesu poyera kuti akhale chotetezera, pa Aroma 5:10 akuti tinayanjanitsidwa pamene tinali adani, ndipo pa 2 Akorinto 5:19 akuti Mulungu anali mwa Khristu akuyanjanitsa dziko lapansi kwa iye mwini, osawawerengera anthu zolakwa zawo. M'ndime zimenezi mulibe pamene munthu akusintha mtima wa Mulungu ndi mphatso. Ngakhale m'Levitiko momwemo, pa mutu 5, munthu wosauka amene sakanatha kupeza nkhosa ankaloledwa kubweretsa njiwa ziwiri kapena maunda awiri, ndipo amene sakanatha ngakhale zimenezo ankabweretsa ufa wosalala, limodzi la magawo khumi a muyeso wotchedwa efa, n'kukhululukidwa chimodzimodzi. Chikhululukiro chikanakhala chogula, mwini ng'ombe akanapita kwawo ndi chochuluka kuposa mwini ufa.

Funso lovuta kwambiri linachokera kwa mayi wina wa Mvano, amene amaphunzitsa ana a kalasi. Anafunsa modekha kuti, "Abusa, ngati Mulungu ndi wachikondi, analekeranji kungonena kuti ndakukhululukirani, popanda mwazi wa munthu wosalakwa?" Funso limeneli si latsopano, ndipo silichokera kwa anthu opanda chikhulupiriro okha. Anselm, amene anali bishopu wamkulu wa ku Canterbury, analimbana nalo m'buku lake lotchedwa Cur Deus Homo, limene anamaliza mu 1098, lofufuza chifukwa chimene Mulungu anakhalira munthu. Ganizo lake linali lakuti munthu ndiye ali ndi mangawa kwa Mulungu koma alibe chobwezera, popeza kumvera konse kumene angachite mawa ndi kumene amayenera kuchita kale, pamene Mulungu ali nacho chobwezera koma iye si wamangawa. Choncho wobweza anayenera kukhala Mulungu ndi munthu nthawi imodzi. Katekisimu ya Heidelberg ya mu 1563 imayenda m'njira yomweyo pamene ikufunsa za mkhalapakati amene tiyenera kumufuna, n'kuyankha kuti ayenera kukhala munthu weniweni ndi wolungama, komanso Mulungu weniweni.

Ndikuona kuti yankho limeneli ndi lolimba, koma lili ndi ngozi likagwera m'kamwa mwa mlaliki wosasamala. Ndamvapo maulaliki amene amajambula Atate ngati wolusa amene sakanatha kuziziritsa mtima mpaka ataona mwazi, ndipo Mwana ngati wachifundo amene analowa pakati kuti atilanditse kwa Atate wakeyo. Chithunzi chimenecho chimagawa Mulungu pawiri, ndipo chimatsutsana ndi Yohane 3:16, pamene chikondi cha Atate ndicho chiyambi cha zonse, komanso ndi Yohane 10:18, pamene Yesu akunena kuti palibe womulanda moyo wake, akuupereka yekha. Wosalakwa amene anafa pa mtanda si munthu wachitatu amene anangogwidwa m'njira kuti asenze mlandu wa eni ake. Ndi Mulungu mwini, wolakwiridwayo, atavala thupi lathu. Ndipo kukhululuka kulikonse kwenikweni kumakhala ndi wina wosenza kutayako, pakuti zimene zinawonongeka sizibwerera chifukwa choti mawu a chikhululukiro anenedwa. Mulungu akanangotseka maso, akananena kwa aliyense woponderezedwa kuti misozi yake ilibe kanthu, ndipo sindikhulupirira kuti mayi wamasiye wolandidwa katundu ndi abale a mwamuna wake angapeze chitonthozo mwa Mulungu wotero.

Tinaonanso mwachidule maganizo ena awiri. Peter Abelard, amene anamwalira mu 1142, anatsindika zakuti mtanda umaonetsa chikondi chachikulu chimene chimayatsa chikondi mwa ife, ndipo Gustaf Aulén wa ku Sweden, m'zaka za m'ma 1930, anakumbutsa mpingo kuti Akhristu oyambirira ankaona mtanda ngati chigonjetso pa uchimo, imfa ndi Satana, monga akunenera Akolose 2:15. Ganizo lachiwirili lili ndi mphamvu yaikulu kuno kwathu, kumene anthu ambiri obatizidwa amagonabe ndi mantha a ufiti. Komabe sindikuona chifukwa chosankhira limodzi n'kutaya ena. Mtanda umaonetsa chikondi chifukwa pali chimene unachita, ndipo Satana woneneza uja amagonja chifukwa mlandu umene ankatinenezera unachotsedwa.

Sabata yatha tinafika pa Ahebri 9 ndi 10. Wolemba kalatayo akunena mosabisa kuti mwazi wa ng'ombe zamphongo ndi mbuzi sungathe kuchotsa machimo, ndipo umboni wake ndi wakuti nsembezo zinkabwerezedwa chaka ndi chaka, kotero zinkangokumbutsa anthu za machimo awo. Akusonyezanso chinthu chimene chinandigwira mtima kwambiri: wansembe aliyense amatumikira ali chiimire tsiku ndi tsiku, koma Khristu, atapereka nsembe imodzi, anakhala pansi pa dzanja lamanja la Mulungu. Munthu amakhala pansi ntchito ikatha. Marko 15:38 akuti pa imfa ya Yesu nsalu yotchinga ya m'Kachisi inang'ambika pakati kuchokera kumwamba mpaka pansi, ndipo Kachisiyo anagwetsedwa ndi Aroma m'chaka cha 70 A.D., nsembe za nyama n'kuthera pomwepo, koma Akhristu anali atayamba kale kulalikira kuti nsembe yotsiriza inaperekedwa kunja kwa chipata cha mzinda, monga mitembo ya nyama za pa Tsiku la Chitetezo inkatenthedwera kunja kwa msasa.

Chifukwa cha ichi ndimamva chisoni ndikamva mmene nkhani ya nsembe ikulalikidwira m'malo ena opempherera mu mzinda uno. Anthu ovutika ndi matenda, ulova kapena kusabereka amauzidwa kuti aike ndalama mu envelopu, ndipo kuti nsembe yawo ikhale yopweteka kuti kumwamba kutseguke. Mayi wogulitsa tomato pamsika amachotsa mpamba wake wonse, akukhulupirira kuti Mulungu wamukwiyira ndipo akudikira cholipira. Kumeneko ndi kubwezera munthu pa bwalo la milandu, chingwe cha mbuzi chili m'manja, pamene Ahebri 10:18 akunena kuti pamene machimo akhululukidwa sipafunikanso nsembe ya uchimo. Kupereka ku mpingo ndi chinthu chabwino ndipo ine ndimalimbikitsa anthu a mlaga wanga kutero, koma kalata yomweyo pa mutu 13 imatchula nsembe zimene zatsalira Mkhristu, zomwe ndi kuyamika Mulungu ndi milomo, kuchitira ena zabwino ndi kugawana nawo zimene tili nazo. Zonsezi amachita munthu amene walandiridwa kale m'nyumba, ndipo palibe ngakhale imodzi imene cholinga chake ndi kugula chitseko.

Loweruka likubwerali tilowa mu Yesaya 53. Abusa atipatsa ntchito yoti aliyense alembe masamba awiri, kuyerekeza mtumiki wozunzika uja, amene Yehova anaika pa iye mphulupulu za ife tonse, ndi atonde awiri a mu Levitiko, ndipo tifotokoze ngati mneneriyo ankaona tonde wophedwa, tonde wopita kuchipululu, kapena onse awiri mwa munthu mmodzi.