Lachiwiri ku Ulongué: log yopanda kanthu

Ndalawirira ku ofesi kuli chifunga, kuzizira kwa Angónia kukulowa mpaka m'mafupa. Mtima unali pa seva ya gulu lathu la alimi a mbatatesi. Muli mayina a anthu, ngongole za feteleza ndi mametikali amene aliyense wabweza. Script (kapulogalamu ka malamulo ochepa) yokopera zonsezi imayenera kuyenda yokha 2 koloko usiku kudzera mu cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, koma kope la usiku wathawu kulibe. Fayilo ya log, momwe mumalembedwa zimene script yanena, ilipo, m'kati mulibe ngakhale chilembo chimodzi.

Ndikaiyendetsa ndi manja, zonse bwinobwino. Apa mpamene mutu unaima.

Mu syslog, log yaikulu ya seva yonse, ndinapeza mzere wakuti "No MTA installed, discarding output". Ndiye kuti script inalankhula ndithu, cron nkufuna kunditumizira mawuwo pa imelo, koma posowa pulogalamu yotumizira makalata inangowataya. Nanga analambalala bwanji log?

Ndinaimbira mnzanga wa ku Moatize, ndikumuwerengera mzere wa mu crontab, fayilo ya ndandanda wa ntchito za cron. Nditafika pa &> anandidula: "Achimwene, imani pomwepo. Chimenecho ndi cha bash." Zoonadi. Bash ndi mtundu umodzi wa shell, pulogalamu yomasulira malamulo amene timalemba. Cron imagwiritsa ntchito shell ya pa /bin/sh, ndipo pa Debian, Linux ya pa seva yathu, kuyambira mtundu wa 6.0 wa 2011, imeneyo ndi shell ina yotchedwa dash, osati bash. Dash ikaona &> imawerenga zinthu ziwiri: & yoti script iyende kumbuyo, kenako > yomwe imangotsegula fayilo nkuisiya yopanda kanthu. Chandiwawa nchakuti fayiloyo tsiku lake limasintha usiku uliwonse, munthu nkumaganiza kuti ntchito ikuyenda.

Ndinalemba >> /var/log/kope.log 2>&1. Malo a 2>&1 ndi kumapeto. Nambala 1 ndi njira ya zotuluka wamba, 2 ndi ya zolakwika, ndipo shell imawerenga kuchokera kumanzere. Mukaitsogoza, zolakwika zimatsata kumene 1 inkaloza poyamba, osati ku fayilo. Ndasankhanso >> kuti za lero zisafufute za dzulo.

Sindikanadikira usiku. Ndinaika nyenyezi zisanu (* * * * *) pa malo a nthawi mu crontab kuti script iyende mphindi iliyonse, ndipo log inayankhula: "command not found". Pulogalamu yokopera ili mu /usr/local/bin, pomwe PATH ya cron, mndandanda wa malo amene imafufuzamo mapulogalamu, ndi /usr/bin:/bin basi. Ndinalemba njira yonse mu script, kope linatuluka.

Nsima ndadya 3 koloko, itazizira. Nthawi ndaibwezera pa 0 2 * * *, kutanthauza 2 koloko usiku uliwonse, ndipo mawa ndisanayatse ketulo ndiyamba ndatsegula log.