Pepala limodzi, njira ziwiri

Ine ntchito yanga nkuthandiza osewera mpira pa nkhani za makontrakiti kuno ku Chipata, ndipo sabata ino yonse yathera pa nkhongole imodzi basi.

Lolemba m'mawa anyamata awiri anafika ku ofesi, wina wa konkuno wina wa ku Mchinji. Onse anali timu imodzi (dzina sinditchula), onse anachotsedwa sizoni isanathe, kilabu nkuwasainitsa agrimenti yoti malipiro awo otsala iwapatsa m'magawo atatu. Gawo loyamba linalowa pa foni bwinobwino, kenako zii, miyezi inayi manje.

Chomwe chimandiwawa ndi ichi: pepala ndi lomwelo, siginecha ya a chairman ndi yomweyo, koma wa ku Mchinji uja chifukwa anaoloka boda ya Mwami kuchokera ku Malawi ndi mlendo, nkhani yake itha kupita ku Dispute Resolution Chamber, nthambi ya FIFA yoweruza milandu ya osewera ndi makilabu, pa intaneti, osalipira kalikonse, pomwe mnzakeyo ndi wa Zambia ndipo kilabunso ndi ya Zambia ndiye FIFA siilowererapo, ayenera kudandaula ku FAZ, bungwe loyendetsa mpira mu Zambia, ku Football House ku Lusaka. Wa konkunoyo nditamufotokozera anangoti "nanga bwana, ine ndinalakwa kubadwira kuno?" Ndinasowa chomuyankha.

Lachiwiri ndinalemba makalata ochenjeza kilabu. Lamulo la FIFA, Article 12bis, limati ndalama ikachedwa kupitirira masiku 30 uyambe walemba kalata, uwapatse masiku osachepera 10. Anyamata ambiri apa ndi pomwe amagwera, amangotumiza ma voice note pa WhatsApp kuti abwana ndalama zanga, chaka nkutha, osadziwa kuti zikadutsa zaka 2 FIFA mlanduwo siimvanso.

Lachitatu a chairman anaimba okha. "Achimwene, sponsor sanatipatse, tiyeni tikambirane ngati anthu." Ndinati bambo, kukambirana ngati anthu kuja ndi kumene kunabala pepala limene munasainali. Kenako ndinawakumbutsa mwaulemu ndithu kuti FIFA ikagamula amapereka masiku 45, mukalephera timu imaletsedwa kulembetsa osewera atsopano mpaka mawindo atatu (nyengo zogula ndi kulembetsa osewera). Foni inakhala chete kanthawi, ndimangomva mahutala kumbuyo kwawo.

Lachinayi ndinaliwerenganso pepala lija modekha, mutu unandipweteka. Amene analilemba sanaikemo mzere woti gawo limodzi likalumphidwa nkhongole yonse ilipidwe nthawi yomweyo, ndipo gawo lachitatu deti lake silinafike, ndiye lomwe tingafunse pano ndi lachiwiri lokha. Kopi ya wa Mchinji nayonso ndi chithunzi cha pa foni, tsamba lomaliza lamdima, ndinamutuma akwere njinga akasake pepala lenilenilo komwe ankagona ku Kapata. Analipeza m'chikwama cha maboti.

Lachisanu chakumasana meseji inalowa pa foni ya wa ku Mchinji, gawo lachiwiri lonse. Mnzake uja anakhala pa benchi ya ofesi mpaka 17 koloko, kuyatsa foni, kuzimitsa, kuyatsanso. Fayilo yake ndaiika mu envulopu, ikwera basi ya ku Lusaka Lolemba mbandakucha.