Kapeti yanyowa? Yambani mwasuzumira pansi pa galimoto

Anzanga akandidandaulira kuti kapeti ya kutsogolo yanyowa ndipo m'galimoto mukununkha chinyontho, funso langa loyamba limakhala ili: mukaimika galimoto AC (choziziritsa mpweya) itayaka kwakanthawi, pansi pamadontha madzi? Ambiri amayankha monyadira kuti ayi, yanga sidontha. Vuto lili pomwepo.

Kuseri kwa dashibodi kuli evaporator, kachitsulo kozizira komwe mpweya umadutsa usanatifikire kumaso. Mpweya wa chinyezi ukakhudza pamenepo umasiya madzi, monga amachitira pa botolo la Fanta lotuluka mufiriji. Madziwo amagwera m'kabokosi n'kutulukira pa kapayipi ka labala kopita kunsi kwa galimoto. Mu Okutobala mpweya umakhala wouma, ndiye amadontha pang'ono. Kuyambira Disembala mpaka Malichi amachuluka, ndipo m'pamene kapayipi kotsekeka kamadziulula.

Chimatseka n'chiyani? Kuno kwathu makamaka ndi fumbi. Amene mumayenda misewu ya dothi ya ku Area 25 kapena Area 36 m'chilimwe, fumbi lija limakakhala pa evaporator, likanyowa n'kusanduka matope. Onjezani tizidutswa ta masamba, komanso cabin filter, sefa ya mpweya ya kuseri kwa glove box, yomwe sinasinthidwepo chichokereni galimoto ku Japan. Nthawi zina kapayipiko kamangovuka amakanika akamagwira ntchito kunsi kwa dashibodi.

Musanatsegule chilichonse, zindikirani madziwo. Ikani chala pa kapeti, mununkhize. A AC ndi oyera, alibe mafuta. Akakhala obiriwira kapena ofiirira, oterera, onunkhira motsekemera, amenewo ndi coolant, madzi oziziritsa injini, ochokera ku heater core, kachitsulo kotenthetsa mpweya wa m'galimoto, ndipo mukayang'ana m'kathanki ka radiyeta mupeza atsika. Imeneyo ndi nkhani ina, yodulanso. Ngati kapeti imanyowa mvula ikagwa basi, kapena mukachoka ku car wash, onani malabala a galasi ndi a zitseko, ndi ngalande ya kunsi kwa mawaipa. Chizindikiro china cha kapayipi kotsekeka chomwe ndimachikhulupirira kwambiri: pokhota pa raundabauti mumamva madzi akukhavuka m'dashibodi, mwina n'kudonthera pa mapazi a amene wakhala kumanzere.

Kutsegula kapayipi kotsekeka sikovuta. Galimoto ikhale pa pit kapena pa ramp, osati pa jeke yokha. Pezani kapayipiko kunsi, kufupi ndi khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu. Kafinyeni kunsonga, kawirikawiri matope amatuluka, madzi n'kukhuthuka. Zikakanika, lowetsani chingwe cha pulasitiki pang'onopang'ono. Waya wolimba ayi: evaporator ndi ya aluminiyamu wopyapyala, mukaiboola gasi yense woziziritsa athawa, ndipo pamagalimoto ambiri kuisintha n'kugwetsa dashibodi yonse.

Chimandinyansa ndi makanika amene ukangotchula AC, iye wanyamula kale botolo la R134a, gasi wa AC. Kawirikawiri gasi alibe nawo mbali madzi a pa kapeti. Ngati AC ikuziziritsa bwino, kanani mwaulemu.

Mukatsegula kapayipiko, tukulani kapeti ndi thonje la pansi pake ziume padzuwa, zitseko zili zotsegula. Pansi pamenepo pamadutsa mawaya, ndipo chinyontho chikakhalitsa chimadyetsa dzimbiri mapulagi ndi chitsulo chomwe.